Mutu Wochititsa Chidwi

Adokotala ankaukonda mutu wa achemwali anga. Osati achemwaliwo ayi, mutu wokha.

Chaka chilichonse tinkapita kukachipinda ka kumapeto kwa khonde la chipatala, kumene mayi wina ankawamata mawaya m'mutu ndi guluu. Achemwali ankamasula tsitsi dzulo lake, uku akudandaula. "Akandisandutsanso wailesi," ankatero. "Ukamva nyimbo undiuze." Kenako nyali inkaphethiraphethira pamaso pawo, mizere n'kumavina pa kompyuta. Akuti ndiwo mafunde a mu ubongo.

Matenda awo a khunyu sanali aja odziwika ndi aliyense. Anali akumtundu, osowa. Anayambira kudzanja: m'mawa kapu inkangouluka ngati wina wawagunda chigongono. Kenako miyendo, kenako lilime. Ndinasiya koleji kuti ndiziwanyamula.

Sukulu sindinamalize, koma mafundewo ndinaphunzira kuwawerenga mwa njira yanga. Ulendo woyamba adokotala anayang'ana okha, akuyasamula. Mizere itayamba kuchedwa ndi kusongoka, anaitana mnzawo. Chaka chimene achemwali analephera kugwira supuni, anati, "Kaitaneni ophunzira." Anadzaza kachipindako, makosi onse kukompyuta, ife atatifulatira.

"Zochititsa chidwi kwambiri," anatero adokotala.

Kumbuyo kwawo ine ndinkapukuta dovu pachibwano cha mwini mutuyo. Madzulo ndinkachotsa guluu m'tsitsi ndi chipeso ndi madzi ofunda, iwo akundinyoza ndi lilime lolemera: "Manja ngati fosholo, iwe."

Tinawaika m'manda mwezi watha. Adokotala anaimba foni. Chipepeso chawo chinali chachifupi ngati kutsokomola.

"Achimwene, mafunde a munthu mmodzi kwa zaka zonsezi, n'zosowa zimenezi. Tikanakonda tikuoneni inunso. Paja bambo mmodzi, mayi mmodzi, eti?"

"Mutu uja watha, ndiye mukufuna wina?"

"Ayi, si choncho..."

Ndinadula foni. Ndinadzimva mwamuna tsiku lonse.

Sabata yatha m'mawa, kapu inandipulumuka. Palibe anandigunda. Ndinaima n'kumayang'ana tiyi akulowa kunsi kwa kabati. Ndinadziuza kuti n'kusagona, maliro amatopetsa. Mawa lake unauluka mswachi.

Ndiye ndinapita kuchipatala, mwamuna uja.

Mayi wa mawaya anandizindikira. "Lero mwabwera nokha?" Anadzigwira pakamwa. Kenako anati, "Lanuli ndiye tsitsi losavuta," n'kuyamba kumata. Guluu uja ndi wozizira. Zaka zonsezi achemwali sanandiuzepo.

"Tsekani maso. Pumani mwamphamvu."

Nyali inayamba kuphethira, yofiira kupyola m'zikope. Ndinapemphera pemphero lopusa kuposa onse: Mulungu, ayasamule. Mutu wanga ukhale wotopetsa, wopanda kanthu, monga ankanenera aphunzitsi anga. Andithamangitse kuti ndawatayitsa nthawi.

Chitseko chinatseguka. Adokotala anandisisita paphewa podutsa, monga umachitira ndi mpando kuti usakupunthwitse. Anakhala pansi. Ndinadikira kuyasamula kuja, maso ali chitsekere.

Chimene ndinamva ndi mpando ukukwekwerezeka kusendera kukompyuta.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, ngati mawayawo anditseka makutu, "ophunzira aja alipo?"

Mayi wa mawaya anabwera n'kumandikonza waya wapachipumi, amene sanasunthe n'komwe.