Sipika Yakumanzere

Amuna anga akakakamira chinthu, mumangowasiya. Ampu yathu ya pabalaza, yomwe imagawa mawu a TV m'masipika asanu, anaiweruza kuti yatha ntchito. Akuti sipika yakumanzere siikulira. Ine ndinkaimva bwinobwino, koma kukangana ndi munthu woyendetsa kireni, chimakina chokweza zitsulo m'mwamba, wozolowera kuona anzake ali pansi ngati nyerere, n'kungotaya malovu.

Loweruka anandikokera kusitolo ya zamagetsi. Mwini sitolo, mkulu wadazi wolankhula motsitsa, anatilowetsa m'kachipinda kopanda zenera, makoma omata masiponji, mpando umodzi pakati. Pashelefu panali maampu awiri akuda.

"Iyi njotchipa, koma phokoso likachuluka imabanika," anatero. "Inayi mtengo wake ndi wowawa, koma singano ikagwa mufilimu muimva. Khalani apa, bwana."

Anaika filimu ya mvula. Pa yotchipa, mvulayo inkamveka ngati mafuta m'chiwaya. Pa yodula, madontho ankagwera kumbuyo kwanga mpaka ndinadzigwira m'khosi.

"N'chimodzimodzi," amuna anga anatero. "Ndipo kumanzereku mawaya anu sanagwire."

Mwini sitolo anayang'ana ine, osati iwo.

"Pano tili ndi kayesedwe kathu," anatero. "Tsinzinani, bwana. Ndiziliza sipika imodziimodzi, inu muziloza komwe mawu akuchokera."

Inalira yakutsogolo, analoza. Inalira yakumanja, analoza uku akumwetulira. Kenako kumanzere kunalira kamluzu kosongoka, kolasa m'mano. Iwo anangokhala duu, dzanja lili pabondo.

"Lizanitu, tikudikira."

Mkuluyo anakweza. Anakwezanso. Dzanja linanyamuka pang'onopang'ono, n'kuloza kumanja.

Ndinachita mantha, sindinama. Kuntchito kwawo amadutsitsa mitolo ya zitsulo pamwamba pa mitu ya amisiri, ndipo chowauza kuti aime ndi wezulo wa munthu woima pansi. Kamluzu kaja kanali ngati wezuloyo.

"Musagule lero, bwana," mwini sitolo anatero. "Vuto si ampu."

"Ndakufunsani nzeru? Kulungani yodulayo."

Tili panja, bokosi lili paphewa pawo, ndinati tipite kuchipatala. Ndinali kumanzere kwawo, sanandimve. Ndinazungulira kumanja kwawo n'kubwereza.

"Akangodziwa kuntchito, ndatha ine," anatero osandiyang'ana. "Ana adya ampu? Usauze munthu."

"Zinayamba liti?"

Anayenda kaye kamtunda. "Ukukumbukira mtolo uja unaphwanya mwendo wa mmisiri? Ndinalumbira kuti wezulo sanaimbe. Woimbayo anamuchotsa ntchito."

"Ndiye anaimba?"

"Ndingadziwe bwanji?"

Lamulungu lonse analumikiza mawaya, n'kuitana oyandikana nawo kuti adzamve chinthu chenicheni. Onse anayamikira, wina mpaka anafunsa mtengo. Ine ndinali nditakwiya, komanso ndikuwamvera chisoni munthu wanga.

Lolemba m'mawa anavala chipewa chawo cholimba n'kutuluka. Ndinawaitana pakhomo, mokweza ndithu, ana mpaka anadzuka. Iwo sanacheuke.

Ndinatseka chitseko, n'kukhala pampando moyang'anizana ndi chibokosi chakudacho. Nambala ya kapitawo wawo ndinali nayo. Ndinatenga foni n'kuiimba.

"Ndine mkazi wa woyendetsa kireni," ndinatero atayankha. "Asakwere lero. Ndikuuzani chifukwa chake."