Dothi la Chisangalalo

Anthu okhuta ali ndi masewera awo, abale! Munthu ali ndi galimoto pakhomo, koma aisiye, avale kabudula wothina, apalase njinga sabata yathunthu pa dzuwa la Okutobala, kukada n'kumagona m'tenti ngati wothawa nkhondo. Akuti kumeneko ndiye kupuma. Yakobe ankangowayang'ana. Iye njinga anaidziwira pa kunyamula matumba, ndipo gulu la ku Lilongweli linamutenga kuti azipalasa kumbuyo kwa onse, kumata machubu ndi kulumikiza matcheni oduka.

Koma chimene anavomerera ulendowu chinali china. Tsiku limene Dominic, mtsogoleri wa gululo, ankatchula malo ogona, anati akachoka ku Wimbe akagona pa esiteti ina ya fodya panjira ya ku Simlemba, asanakhotere ku Lifupa. Yakobe atamva dzina la esitetiyo, sipanala inamupulumuka m'manja.

Pamenepo ndi pomwe iye ndi mkazi wake Faustina anagwirapo utenanti, atabwera pa lole kuchokera kwawo ku Phalombe. Ndi pomwenso anasiya mwana wawo Chisangalalo, kamtsikana kamene kanali katangoyamba kuthamanga. Malungo anakagwira nthawi yothyola fodya, mvula ili pakati, ndipo sikanachedwe. Kwawo kunali kutali, manda a midzi yozungulira ali ndi eni ake. Matenanti anzawo anakumba kuseri kwa chulu, pansi pa msuku, kumene ankaika ana a anthu obwera. Chaka chomwecho Yakobe anayambana ndi kapitawo n'kuthamangitsidwa. Kenako esitetiyo inagulitsidwa, eni atsopano anazunguliza waya. Yakobe anayesapo kubwerera, koma geti la kumeneko silitsegukira munthu wa masilipasi.

Faustina sanachire. Anabwerera ku Phalombe, koma mvula ikangoyamba tulo timamuthawa. Amati mwana akugogoda pachitseko, wanyowa, akufuna kulowa. Amalume ake ananena kuti njira ndi imodzi: pakatengedwe dothi la pamanda pakepo, lidzaikidwe kumanda a kwawo, mwana agone pakati pa abale ake.

"Musabwere chimanjamanja, bambo a Chisa," anatero Faustina pafoni, ulendo usanayambe. "Mvula yayandikira. Chaka chino ine sindipirira ayi."

Chigwa cha Kasungu mwezi umenewo sichimvera munthu chisoni. Fumbi lofiira m'mano, mphepo yotentha kumaso, minda yolimidwa kale mizere ili mbee mpaka kumene maso alekezera, mtengo woti n'kupumirapo osaoneka. Apa ndi apo zigafa zowumitsiramo fodya zili pululu. Anzake a ulendowo ankaima kujambula amayi osenza madzi othirira nazale kudambo, wina n'kumati, "Kuno ndiye kokongola!" Yakobe ankangoyang'ana kumbali. Amayi amenewo msana wawo ankaudziwa mmene umawawira, ndipo mawu amenewo ankamupsetsa mtima.

Anafika dzuwa litapendeka. Geti lija linachita kutseguka lonse, mlonda n'kuchita sawatcha. Ha, chisoti cha njinga ndi magalasi akuda zimam'sandutsa munthu! Anawalozera bwalo la kapinga wobiriwira pafupi ndi nyumba ya alendo, mipope ikuwaza madzi ngati kuti kunja kwa wayako anthu sakukanganirana pachitsime. Matenti anakhomedwa, wina anayatsa nyimbo, nyama inayamba kununkhira pamakala.

Yakobe atamaliza kupopa matayala anazemba, jumbo ili m'thumba. Anazungulira kuseri kwa zigafa. Chulu palibe. Anatsikira cha kudambo n'kubwerera, kuyesa kukumbuka kumene kunali tinyumba ta matenanti. Msuku palibe, ngakhale chitsa. Anayamba kuyenda mothamanga ngati munthu wotaya mbuzi, thukuta lili kamukamu.

"Kodi si a Yakobe awa?"

Anali mlonda wa pageti uja. Mlondayo atavula chipewa, Yakobe anamuzindikira: Lemani wa ku Machinga, tenanti mnzake wakale, yemwe anagwira naye khasu tsiku loika Chisangalalo. Anagwirana chanza nthawi yaitali.

"Achimwene, chulu chija chili kuti?"

Lemani anayang'ana pansi. "Anachigumula ndi thirakitala. Mitengo inapita ku zigafa. Tinawauza ndithu kuti pali ana pamenepo. Anati iwo anagula munda, sanagule manda."

"Nanga malowo ndi ati?"

Lemani sanaloze ndi chala. Anangotukula chibwano kuloza kubwalo la kapinga lija. "Pomwe mwakhoma misasa yanupo."

Yakobe anacheuka. Pabwalopo wina anali chigonere chagada, miyendo atakweza panjinga. Wina ankayanika masokosi pachingwe cha tenti. Mayi wina ankavina pang'onopang'ono, botolo lili m'manja. Tenti ya Yakobe yomwe, imene anakhoma ndi manja ake, inali pomwepo.

"Pati penipeni?"

Anayenda limodzi pakati pa matenti. Lemani anaima pafupi ndi mpope, anayang'ana kumene kumalowera dzuwa, anasuntha pang'ono, anabwereranso. Kenako anapukusa mutu.

"Ndikunamizeni chifukwa chiyani, achimwene? Mwina apa, mwina apo. Ndiponso dothi lapamwambali si lapano ayi. Anachita kuthira lochokera kudambo kuti kapinga amere."

Yakobe anagwada pomwe Lemani anayamba kuimapo. Anatulutsa chitsulo chochotsera tayala, anatema kapinga n'kumuika pambali, n'kuyamba kukumba. Dothi lakuda, lonyowa, lachilendo. Ankalikokolola ndi manja.

"A Yakobe! N'chiyani chimenechi?" Anali Dominic, akubwera chothamanga. "Paja tinagwirizana kuti pamalo a eni sitikumba, sitisiya chilichonse chosonyeza kuti tinagonapo!"

"Mwana wanga ali pansi apa, bwana."

Sanakweze mawu, koma onse anamva. Nyimbo ija inazimitsidwa. Wa masokosi uja anaima chilili. Dominic sanali munthu woipa, tisamunamizire. Anavula chipewa, anati pepani, pepani kwambiri, sitimadziwa. Koma maso ake anathamangira kunyumba ya alendo kuja, ndipo anawerama n'kunong'ona: "Chitani msanga, ndipo kapingayo mubwezeretse bwinobwino. Akationa sadzatilolanso kugona pano."

Yakobe anangopitiriza kukumba. Akanatsegula pakamwa akanatukwana, kapena kulira, ndipo zonse ziwiri sankafuna kuchitira pamaso pa anthu amenewa. Anakumba mpaka mkono unalowa kufika m'chigongono, zikhadabo zikutuluka magazi. Pamenepo dothi linasintha, linakhala lofiira ndi louma. Anatapa lodzaza manja awiri n'kuthira m'jumbo. Anthu aja anali atabwerera kumakala, akudya nyama yawo mwakachetechete, mwaulemu ndithu.

"Lemani," anatero Yakobe, akadali chogwada, "ndi wanga uyu?"

Lemani ananyonyomala pambali pake. "Ana anali ambiri kuseri kwa chulu chija, inu mukudziwa. A ku Mulanje, a ku Dedza, wanga wachiwiri uja. Thirakitala inawasakaniza onse. Tengani basi. Amene mwamutengayo nayenso sanagonepo kwawo."

Yakobe anakwirira dzenje, anabwezeretsa kapinga, anapondaponda ndi phazi. Pophwasula tenti yake kuti akagone kunja kwa bwalo, palibe anamufunsa.

M'mawa gulu linanyamuka kulowera ku Simlemba. Pofika pa mtunda woyamba nthabwala zinali zitayambiranso, poyamba motsitsa, kenako monga mwa masiku onse. Yakobe anali kumbuyo monga mwa ntchito yake, jumbo ija ataikulunga m'malaya n'kuimanga pakeliyala. Foni inalira. Anaima pambali pa msewu.

"Bambo a Chisa, mwafikako?"

"Ndafikako."

"Mwamupeza? Manda ake ali bwino?"

Anayang'ana mizere yofiira ija, yopanda mtengo, yopanda chulu. Anaganiza za mvula imene inali kubwera, ndi za mkazi wake atakhala tsonga pamphasa kumvetsera chitseko.

"Ali bwino. Ndalambulapo. Ndamutenga."

Faustina analira mokweza, kulira kwa munthu amene watula katundu. Ankatchula dzina la mwana wake mobwerezabwereza, kumuuza kuti abwere, amake akumudikira, sadzanyowanso. Anati akupita pompano kukauza amalume kuti akonze malo pafupi ndi agogo ake.

Yakobe anamvetsera mpaka foni inaduka. Bodza limeneli anadziwa kuti adzafa nalo yekha, ndipo tsiku loika dothilo adzaima pamanda n'kuimba nawo nyimbo. Patsogolo wina anali ataima, akumukodola kuti tayala laphwa. Yakobe anapukuta m'maso ndi mkono, anakwera njinga n'kupita kukamata.