Njira ya Mchenga

Belu la sekondale yatsopano linkamveka pakhonde pa Magalita. Silinali belu lenileni, chinali chitsulo cha gudumu la lole chimene amisiri anapachika mumtengo wa mango kuti aziitanirana ntchito, koma akachimenya m'mawa nkhuku za Magalita zinkadzutsa mitu. Kuchoka m'mudzi wa Kamtondo unkadutsa m'munda mwake, n'kuwoloka mtsinje wa Kanyenje pa ulalo wa mitengo ya bulugamu, n'kukwera kachitunda, basi wafika.

Ndiye Magalita atamva kuti Kamtondo ili kutali ndi sukulu, anayamba waseka kaye. Anati amene walemba zimenezo analawa kachasu asanasukusule.

Pepalalo linamatidwa pachitseko cha tchalitchi, m'Chingerezi, ndipo anamuwerengera ndi mwana wake Nomsa, amene anali atangokhoza mayeso a giredi seveni. Linkati sukulu ili ndi malo a ana makumi asanu ndi atatu okha, choncho komiti yadula malire. Mwana wokhala mkati mwa makilomita asanu alowa, wokhala kunja apite kusukulu zakale. Pansi pake anandandalika midzi ya mbali ino ya Chiparamba. Pa Kamtondo analembapo makilomita asanu ndi anayi. Nomsa anawerenga kawiri.

Magalita ankadziwa tanthauzo la sukulu zakale. Anali atatumizako kale mwana mmodzi. Faith, woyamba kubadwa, anapita ku tauni ali ndi zaka khumi ndi zinayi, n'kukachita lendi kachipinda ku Kapata ndi atsikana ena atatu, kudziphikira okha, opanda wowafunsa kuti mwachokera kuti. Giredi naini asanaimalize anabwera ndi mimba. Bambo ake, Abel, anamwalira chaka chomwecho. Lero Faith amagulitsa tomato pamsika, mwana kumsana, ndipo Chingerezi chake chonse chimathera pokangana mitengo. Magalita analumbira pamanda a Abel kuti Nomsa adzaphunzira akugona m'nyumba mwa amake.

N'chifukwa chake anasenza mchenga zilimwe ziwiri. Boma litati libweretsa malata ndi simenti koma njerwa, miyala ndi mchenga zichokere kwa anthu, amisiri anayendayenda n'kupeza kuti mchenga wabwino uli pamalo amodzi okha, pokhota Kanyenje, mmunsi mwa munda wa Magalita. Nthawi imeneyo panalibe njira. Panali tsekera ndi chitedze. Azimayi a pa Kamtondo anaiponda okha njirayo ndi ndowa pamutu, ulalo anamanga ndi bulugamu amene Abel anadzala, ndipo Magalita anataya mizere itatu ya munda wake kuti anthu azidutsa. Tsitsi la paliwombo linamuthera. Mpaka lero akavula duku pamaonekera.

Wodula malire anali a Bizwell Shawa, wapampando wa komiti. A Shawa anali kalaliki ku boma zaka makumi atatu, bambo awo anali mphunzitsi wa kumishoni, ndipo iwo sankalola munthu kuiwala ziwirizi. Ankamanga tayi ngakhale mu Okutobala, zolembera zitatu m'thumba la malaya. Pa zilimwe ziwiri zija ntchito yawo inali kuima pamthunzi ndi kabuku, kumauza azimayi kuti ndowa sinadzaze.

Malirewo anayeza ndi njinga yawo yamoto. Ankaima pageti la sukulu, n'kuyang'ana manambala a pa mita, n'kuliza ulendo wa kumudzi uliwonse. Tsono njinga yamoto kuti ifike pa Kamtondo imayenera kutsata msewu wafumbi mpaka kumlatho wa simenti kumtunda uko, idutse m'dambo, ndiyeno ibwererenso. Koma kumbali ya msewu wa tala njira ndi yowongoka ngati bango, ndipo kumeneko ndi kumene kuli nyumba za aphunzitsi opuma, makalaliki ndi eni zigayo. Ana awo onse anagwera mkati, ana amene sananyamulepo mchenga ngakhale wa m'chitini.

Pamsonkhano wa makolo, m'kalasi yonunkha penti, a Shawa analankhula ola lathunthu. Atamaliza, Magalita anaimirira osadikira kulozedwa.

"A Shawa, munayeza ndi chiyani?"

"Ndi mita ya njinga, amake Faith. Makina sanama."

"Mwana wanga ali ndi matayala?"

Anthu anaseka, a Shawa ayi. Anafunyulula mapu akale a ku ofesi, achikasu ngati mano a fodya, n'kufotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira ndi mwana wa Sande sukulu, kuti boma limadziwa misewu, silidziwa tinjira ta mbuzi. Anawonjezera kuti nkhani za miyeso zimafuna sukulu pang'ono, komanso kuti mlamu wawo ali ndi zipinda zabwino ku Kapata, angathe kumulankhulira.

Magalita anawayankha ali chiimire. Anati iye sukulu analekezera giredi folo, koma kumene mapazi ake anaponda amakudziwa. Kenako analoza pawindo, kumene njira inkaoneka yofiira kutsika kachitunda.

"Icho n'chiyani?"

"Pa mapu palibe njira pamenepo."

"Nenaninso, akumbuyo sanamve."

"Ndati palibe njira, mayi."

Magalita anamanga chitenje n'kutuluka. Azimayi ena a pa Kamtondo ankafuna kuti atsale alire, apemphe, mwina a komiti amva chisoni. Iye anawauza kuti akufuna kulira akalire, misozi ilibe sitampa.

Chimene a Shawa anaiwala n'chakuti sukulu inalibe zimbudzi. Maenje anakumbidwa, njerwa zinalipo, koma makoma anali asanamangidwe, ndipo a ku ofesi ya maphunziro anali atanenetsa kuti popanda zimbudzi geti silitsegulidwa. Mchenga wa ntchitoyo azimayi anauunjika kale mvula isanayambe, mulu waukulu m'mphepete mwa munda wa Magalita, tsidya la Kamtondo. Mtsinje tsopano unali utadzaza, mchenga wina sukanavuulika.

M'mawa mwake Magalita anatenga khasu. Anaunda mizere itatu pamene panali njira, kuyambira pa ulalo mpaka pamulu wa mchenga, n'kudzalamo mtedza. Pamutu pa ulalo anaikapo nthambi za minga. Nomsa ankamuyang'ana ali pachulu, ndipo anafunsa ngati sawamanga. Amake anamuyankha kuti sanamvepo munthu atamangidwa chifukwa cholima m'munda mwake.

Amisiri atabwera ndi mawilibala anapeza minga. Magalita anawalonjera bwinobwino, n'kuwauza kuti mchenga ndi wa sukulu, iye sakuukaniza, akautenge. Koma adzere kumsewu, chifukwa apa palibe njira, anatero ndi a wapampando pamaso pa anthu. Amisiri anayang'anana, wina anaseka mpaka kukhala pansi, n'kubwerera.

A Shawa anati nkhani yaing'ono imeneyo. Anapeza ngolo ziwiri. Ngolo yoyamba inatitimira m'dambo mpaka m'matayala, ng'ombe n'kugona m'matope, mwini wake n'kutukwana komiti yonse ndi makolo awo. Yachiwiri inabwerera isanafike n'komwe. Anakalankhula ndi mwini lole wa ku tauni, amene anabwera, anaona dambolo, n'kunena kuti amuitanenso mu Meyi. Apo n'kuti kwatsala masabata awiri kuti sukulu zitsegulidwe, ndipo maenje a zimbudzi anali atadzaza madzi, achule akuimbamo nyimbo.

Lachinayi Magalita akupalira chimanga anamva munthu akutsokomola kuulalo. Anali a Shawa, tayi pakhosi, buluku atapinda, ataima kuseri kwa minga.

"Amake Faith, tiyeni tikambirane ngati anthu a mpingo umodzi."

Magalita anatsamira khasu. "Mwadzera pati, a Shawa?"

"Ndadzera apa."

"Apa palibe njira. Ndiye mwauluka? Akulu a mpingo, kuuluka dzuwa likuswa mtengo?"

Azimayi amene ankapalira m'minda yoyandikana anasiya makasu. A Shawa anayamba kunena za chitukuko, za tsogolo la ana, za kuti munthu mmodzi asagwire dera lonse pakhosi. Magalita anawadula. Anati chinakomera mbuzi kugunda galu. Ngati ali ndi mawu, abwere kunyumba kwake ngati mlendo, adzere kumsewu umene boma limaudziwa, awapatsa mpando.

Anabweradi, dzuwa litapendeka, akukankha njinga yamoto imene inazima m'dambo. Matope anali mpaka m'mawondo, cholembera chimodzi chitagwa. Magalita anawapatsa mpando monga analonjezera, ndi madzi osamba m'manja. Iwo anatsitsa mawu n'kunena kuti za mudzi wonse n'zovuta, koma dzina limodzi angathe kuliona. Akhoza kulemba kuti Nomsa amakhala kwa iwo, ngati mdzukulu.

Magalita anayang'ana Nomsa, amene anali pakhomo ndi lichero m'manja, maso ali pa amake. Chinali chomwe ankafuna, chabwera chokha pakhonde. Koma anaganiza za dzina la Abel likufufutidwa kuti mwana alowe m'sukulu imene amake anaisenza pamutu, ndiponso kuti tsiku lina akadzayambana ndi a Shawa, bodza lomwelo lidzamutulutsa mwanayo.

"Nomsa ndi mwana wa Abel, amagona muno," anatero. "Bodza mukalembere adzukulu anu. Ine ndikufuna amene anakutumani kuyeza abwere ayende ndi miyendo."

Sanachite kuitanidwa. Lolemba mayi Irene Ngoma a ku ofesi ya maphunziro anabwera kudzaona zimbudzi, n'kupeza achule. Anafunsa, amisiri anafotokoza mosabisa, mwinanso mokometsera. Mayi Ngoma anali munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo anali ndi sukulu zina zitatu zoti aone tsiku lomwelo. Anatsika kachitunda a Shawa ali pambuyo, anawoloka ulalo atagwira nsapato zawo zazitali m'manja, n'kuima paminga.

Magalita anachotsa nthambi imodzi yokha. Anatuma Nomsa kuti awabwereke mayiwo mapatapata ake, n'kuwadutsitsa mumzere, akuwachenjeza kuti asaponde mtedza. A Shawa anasiyidwa kuseri kwa minga. Atafika pakhonde, mayi Ngoma anayang'ana foni yawo, imene inkawerenga mtunda, n'kuyang'ananso. Kuchokera pageti sipanakwane ndi kilomita imodzi. Nthawi yomweyo amisiri anamenya chitsulo chija cha nkhomaliro, nkhuku n'kudzutsa mitu.

Pobwerera mayi Ngoma anafunsa a Shawa ngati pa zaka ziwiri zonse anayamba apondapo njira imeneyi. Iwo anati udindo wawo unali woyang'anira mbali yolandira mchenga. Mayi Ngoma anangolemba.

Musaganize kuti zinathera pokoma. Ana a kumsewu wa tala anali atalandira kale makalata, ena atasoketsa ndi mayunifolomu, ndipo makolo awo ndi anthu odziwa zitseko za ku boma. Palibe anachotsedwa. Ana khumi ndi mmodzi a pa Kamtondo anawonjezedwa pansi pa pepala ndi bolopeni, ndipo anauzidwa kuti madesiki ndi makumi asanu ndi atatu basi, aliyense abwere ndi chokhalira chake mpaka boma lidzakumbuke.

Magalita sanakhudzenso minga mpaka pepalalo litabwera ndi sitampa. Anauza Nomsa kuti amuwerengere dzina lake, kenako analoza yekha ndi chala chilembo chilichonse, poti zilembo za dzina la mwana wake ankazidziwa. Atatero anatenga khasu n'kugumula mizere itatu ija. Mtedza unali utamera kale, masamba anayi anayi. Anauzula, ndipo mawilibala anayamba kudutsa.

Tsiku lotsegulira sukulu kunabwera magalimoto, kwaya ya mpingo inaimba, ndipo mlendo wolemekezeka anathokoza komiti, makamaka a Bizwell Shawa, chifukwa cha nzeru zawo zotulukira njira yachidule yothandiza ana a tsidya la mtsinje. A Shawa anaimirira n'kuwerama, zolembera zitakwananso zitatu. Anthu anawomba m'manja. Magalita anali kumbuyo, padzuwa, manja atapinda pachifuwa. Mayi wina anamugunyuza kuti awombe nawo, iye anati manja ake ali ndi matuza a mchenga.

M'mawa mwake chitsulo chitalira koyamba, Nomsa anatuluka ndi yunifolomu yaikulu pang'ono, mabuku m'pulasitiki, kampando ka bambo ake kali pamutu. Magalita anaima pachulu kumuyang'ana akudutsa m'munda, akuwoloka ulalo, akukwera kachitunda. Chitsulo chisanalire kachiwiri anali atalowa pageti.

Magalita anatsika n'kukatenga mbewu ya mbatata yoti adzale m'mphepete mwa njira. Asanapite kumunda anavundikira maungu awiri mumphika, poti mwana akaweruka abwera ndi njala.