Ng'oma za Malemu Bambo

Upile anaimva nyimboyo masana ali m'galimoto pa Lafayette Road. Amene anaiponya pa gulu la WhatsApp la Amalawi okhala ku Amereka anali Kenan, wophunzira wa ku South Bend, yemwe amapanga nyimbo za mtundu wa jungle pa kompyuta. Ng'oma zake zinali zaliwiro, zoduladula ngati matalala pa malata, besi ikubuma pansi mwaulesi. Koma mkati mwa liwirolo munali kugunda kuwiri kophatikizana, kenaka kachete. Upile anaimika galimoto pambali.

Amene ankamenya ng'oma choncho anali malemu bambo ake, m'bandi ya tchalitchi ku Zomba. Kaseti ya bandiyo inali imodzi yokha, m'kabati kunyumba kwa Upile ku Lawrence, komwe Kenan anachezako masiku atatu pa Khirisimasi.

Loweruka Upile analawirira kwa Kenan ku South Bend osamuuza.

"Ng'omazi unazitenga kuti?"

"Asisi, jungle imapangidwa choncho," anatero Kenan uku akuwakokera mpando. "Anayambitsa ndi a ku London m'ma 90. Amadula kachidutswa ka ng'oma m'mbale zakale za kuno, n'kukathamangitsa. Aliyense amasampula."

"Sindinafunse za ku London ine."

"Ndinangodawunilodi pa intaneti."

"Ichedwetse ndimve."

Kenan anafufuza pa kompyutapo nthawi yaitali, kawiri konse n'kutsegula polakwika. Ataichedwetsa, ng'oma zija zinakhazikika, zinayamba kuyenda ngati za Lamulungu m'mawa. Chapatali kumbuyo kwake kunamveka nthungululu ya mayi ake a Upile.

Kenan anakanda m'mutu. "Chabwino. Ananditumizira ndi achimwene anu, a Shadrick. Anati ng'omazo ndi za ana onse."

Mwina zinali zoona. Maliro atatha, Shadrick anasungako kasetiyo sabata yathunthu ku Lilongwe. Upile anamuimbira Shadrick pompo, maso ali pa Kenan. Foni inaitana mpaka kuduka. Posakhalitsa ya Kenan inanjenjemera patebulo, iye n'kuivundikira msangamsanga.

"Ndani ameneyo?"

"Mnzanga wa m'kalasi."

Upile anamuyang'ana kwa kanthawi. Sanadziwe kuti womubisira zoona ndi uti, Kenan kapena Shadrick.

"Tsegula pamene unaiika nyimboyo," anatero. "Ulembepo kuti ng'oma anamenya ndi a Lucious Mpinganjira."

Kenan analemba, koma anaphonya chilembo chimodzi. Upile anaimirira kumbuyo kwake mpaka anakonza.