Nyali Yofiira ya Njinga ndi Mano a Mtisunge

M'mawa uliwonse Mtisunge akatsuka mano kuseri kwa nyumba yawo ya m'malayini a esiteti, thovu linkatuluka lofiira. Zinayamba ali ndi pakati pa Sellah. Tsopano mwanayo anali atayamba kuyenda, koma magazi osaleka. Chimene chinamuopsa Disembala ameneyo n'chakuti mano awiri akutsogolo, a m'munsi, anayamba kugwedera akawakankha ndi lilime. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi zokha.

Inali nyengo ya mvula, tiyi ataphuka moti manja sankakwanira. Pa nthawi yopuma anatula dengu, nakhala pafupi ndi Mervis, mnzake wothyola naye mzere umodzi, n'kumuonetsa nkhama zake.

"Iii, amake Sellah, chiseyeyetu ichi," anatero Mervis. "Koma musadandaule, mwana aliyense amatenga dzino lake. Ine anayi, taonani." Anayasamula n'kuseka yekha.

"Ine sindikufuna zimenezo, asisi. Bambo a Sellah akuti ndipite kuchipatala ku Makwasa."

"Mukapite kukatani? Kumeneko dzino likangogwedera amazula basi. Komanso inu ndinu aganyu. Mujombe masiku awiri nyengo ino, akapitawo akuikirani wina pa mzere wanu."

Mervis anatulutsa foni n'kumuonetsa kanema amene mlamu wake anamutumizira. Dokotala wa kunja ankathira mankhwala abuluu m'nkhama za munthu, kenako n'kuunikapo ndi kuwala kofiira. Mervis sankamva Chizungucho, koma Mtisunge, amene anafika Folomu 4, anamva zonse: mankhwalawo amamatirira ku mabakiteriya, kuwalako kukawafika, mabakiteriya amafa. Mabakiteriya ankawadziwa, anawalemba pa mayeso.

"Mankhwala akewo si jivi yemwe uja?" anafunsa Mervis. Ankanena mankhwala apepo aja opaka zilonda zam'kamwa. "Mtundu wake ndi womwewo kapena kusiyana pang'ono. Nyali yofiira muli nayo kale kumbuyo kwa njinga ya amuna anu."

Everson, mwamuna wa Mtisunge, ankapalasa kabaza ku Luchenza. Madzulo a tsiku limenelo anapeza mkazi wake atamasula kanyali ka kumbuyo kwa njinga, ali pakhonde ndi kagalasi, kukamwa kuli bii ndi jivi.

"Amake Sellah, mwasanduka njinga kodi? Ndikuikeni belu?"

"Sekani. Izi ndi za sayansi, ndaziona ndi maso anga."

"Sayansi yake yogula pa gulosale? Tiyeni Lachiwiri ndikunyamuleni, akakuoneni odziwa."

"Kuti akandizule? Ndizikayenda ndi magweru ngati Mervis, inu n'kuyamba kuyang'ana kumbali?"

Everson anangogula nyali ina ya njinga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kuyambira pamenepo Mtisunge sanaphonyeko. M'mawa asanapite ku munda, ndiponso akaweruka, ankapaka jivi n'kuunika mphindi khumi, akuwerenga nthawi pa foni. Mswachi anausiya, poti unkachotsa mankhwala komanso ndi umene unkatulutsa magazi. Ankangochukucha madzi. Ndipo zoona, magazi sankawaonanso. Kufiira kwa nkhama nakonso sankakuona, chifukwa zonse zinali zitaphimbika ndi utoto wapepo.

Komabe mtima sunakhale pansi. Popita ku sikelo kukayezetsa masamba ankayang'anitsitsa nkhope za anzake. Anaona kuti mlembi wa pa sikelo ankatembenuza mutu iye akamalankhula, ngati wamva fungo. Anaona kuti chimanga chootcha wayamba kuchitafunira kumbali. Ankadziuza kuti mankhwala akamagwira ntchito zimayamba zatero.

Anapirira mpaka Epulo, tiyi atachepa ndipo aganyu ataimitsidwa. Tsiku lina akuyamwitsa, Sellah anadzutsa mutu mwadzidzidzi n'kumugunda pachibwano. Sikunali kugunda kwamphamvu. Koma dzino limodzi linapendekeka, ndipo m'munsi mwake munatuluka mafinya.

Ku Makwasa anakumana ndi dokotala wa mano, mayi Jamilah Stambuli. Dokotalayo atapukuta jivi ndi thonje, anayang'ana nkhamazo. Kenako anatenga kachitsulo kowonda kokhala ndi timizere n'kukalowetsa pakati pa dzino ndi nkhama. Kanalowa, kanalowabe. Mtisunge ankayang'ana maso a dokotalayo, ndipo anadziwa yankho asanauzidwe.

"Mayi, mwakhala mukupaka chiyani?"

Mtisunge anafotokoza zonse, mpaka kutulutsa kanyali m'chikwama. Ankayembekeza kusekedwa, koma a Stambuli sanaseke.

"Kanema munaonayo si wabodza," anatero. "Njira imeneyo ilipo. Koma amayamba apala kaye zokakamira zolimba ngati mwala zimene zili kunsi kwa nkhama, chifukwa mabakiteriya amabisala mmenemo. Akatero amathira mankhwala opangidwira ntchito imeneyo, n'kulowetsa kuwala koyezedwa mphamvu yake mkati mwenimweni ndi kachipangizo kowonda. Ndi yongothandizira, siilowa m'malo mwa kupala. Ngakhale akatswiri sanagwirizane kuti imathandiza kwambiri bwanji. Ife kuno makina akewo tilibe."

"Ndiye nyali yangayi sinaphe ngakhale kamodzi?"

"Inkaunika pamwamba, matenda ali pansi. Jivi anakubisirani kutupa. Magazi analeka chifukwa munasiya kutsuka, osati chifukwa munachira."

"Koma anandiuza kuti mwana amatenga dzino."

"Mwana satenga dzino la munthu. Mimba imachititsa nkhama kutupa msanga, n'chifukwa chake woyembekezera ayenera kuonetsa mano ake."

"Adokotala, ndikanabwera Disembala muja?"

A Stambuli sanafune kumunamiza. "Sindingalumbire. Koma mwina tikanawapulumutsa. Panopa fupa limene limagwira mano awiriwa ladyeka, ndipo likadyeka chonchi silibwerera. Awiriwa achoka. Ena anayi ayamba, amenewo tilimbana nawo. Tikuyezaninso shuga, chifukwa pa msinkhu wanu matendawa sayenera kuthamanga chonchi."

"Palibe kuwamanga ndi waya, kapena chiyani?"

"Kumanga mzati pamene palibe dothi? Pepani, mayi."

Anawazula tsiku lomwelo. Sizinatenge nthawi, ndipo chimenecho ndi chimene chinamupweteka kwambiri: mano amene anawaunikira miyezi inayi anatuluka ngati chinangwa cha pa mchenga.

Panja Everson anali atakhala pa njinga, Sellah ali pamiyendo. Ataona mkazi wake ataluma thonje, anaimirira.

"Angati?"

Mtisunge anakweza zala ziwiri. Kenako anakweza zinayi, n'kugwedeza dzanja kusonyeza kuti sizikudziwika.

"Abwerenso liti?" Everson anafunsa namwino amene anamuperekeza.

"Lachinayi likudzali, kudzapala otsalawo. Kenako miyezi itatu iliyonse, osadumphitsa, ngakhale nthawi yothyola."

Mtisunge anawerenga mumtima. Ulendo wina udzagwa pakati pa mvula, akapitawo akuitana mayina. Anabereka mwana, nakwera pa kaliyala ya njinga. Njira yonse yodutsa m'minda ya tiyi anthu odziwana nawo ankawapatsa moni, ndipo Everson ankayankha yekha, m'malo mwa onse awiri.

Phunziro: Nkhama zikamatuluka magazi, makamaka pa nthawi ya mimba ndi pambuyo pake, pitani kwa dokotala wa mano dzino lisanayambe kugwedera, ndipo musasiye kutsuka. Chithandizo cha kuwala chimachitika kuchipatala chokhala ndi zipangizo zake, nkhama zitapalidwa kaye. Jivi ndi tochi za pakhomo zimangobisa matenda, pamene fupa likutha mwakachetechete.