Maso a Sikina

Ummi anatsegula gemu pa laputopu. M'gemumo Sikina anali ataima m'khitchini mwake monga mwa nthawi zonse, atavala hijabu yake yofiirira, koma pokhala maso panali maenje awiri akuda bii.

Sikina anali mng'ono wake, ndipo anamwalira chaka chathachi. Ali moyo ankakonda gemu yomanga nyumba ndi kupanga anthu pa laputopu, mpaka anadzipanga yekha, ndi kampata ka m'mano komwe. Foni yake ya zithunzi inabedwa m'minibasi, choncho nkhope yake inatsala m'gemu muja mokha. Lamlungu lililonse Ummi ankatseka kashopu kake ku Chileka n'kupita nayo laputopuyo ku Lirangwe, kuti mayi awo, aMwanahamisi, akaonere mwana wawo akuyendayenda ndi kuphika.

Sabata yapitayo mayiwo anadandaula kuti zonse zinali za Sikina ndithu, kupatula maso. Mwana wawo analibe maso obiriwira ngati a mphaka. Ndiye Ummi, pofuna kuwasangalatsa, anakatenga pa intaneti fayilo ya maso abulawuni n'kuiponya mufoda momwe munali fayilo yakale ya maso.

Tsopano mayiwo anali pamjigo, ndipo mawu awo ankamveka akutsanzikana ndi anzawo. Anali a BP. Ummi ankadziwa kuti akaona mwana wawo alibe maso, sadzamva zoti ndi kompyuta chabe, adzagwa pomwepo. China chinkamuopsa kwambiri: mwina anali atamuwononga Sikina mpaka kalekale.

Anaimbira aJimu, okonza mafoni ku Chileka. Atamva nkhaniyo anayamba ndi kuseka.

"Chemwali, mapanga awiri avumbwitsa. Maso awiriwo akulimbirana mutu umodzi. Mwaseva kuti zikhazikike choncho?"

"Sindinaseve."

"Musayerekeze. Tulukani osaseva."

Kenako anamulongosolera bwinobwino kuti akopere kaye fayilo yosunga Sikina pa fulashi, kachipangizo kosungira mafayilo, achotse mafayilo onse awiri a maso, afufute kafayilo kamene gemu imasungiramo zithunzi zakale, ndipo abwezeremo imodzi yokha.

Gemu itamufunsa ngati akufuna kuseva, chala chake chinathamangira pomwe chinazolowera. Anachibweza chitatsala pang'ono kudina, thukuta lili kamukamu. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo batire linali litafiira kale. Kamzere kokopera kankayenda ngati nkhono, uku panja chidebe chikumveka kutsitsidwa pakhonde.

"Ummi, wamutsegula mnzakoyo?"

"Akubwera, amayi. Yambani mwapuma."

Kukopera kutatha, anatsala ndi mafayilo awiri aja, ndipo imodzi yokha ndi imene ikanalowa. Analoza yabulawuni. Koma atayang'ana yakale ija, anaona kuti Sikina anaisintha dzina n'kuitcha "maso anga a ku Dubai". Anakumbukira mmene mtsikanayo ankayimirira kumpanda wa bwalo la ndege, n'kumalumbira kuti tsiku lina adzakwera ya ku Dubai, ndipo pobwera anthu sadzamuzindikira. Anabwezeramo yakaleyo, yatsopano ija n'kuifufuta.

Gemu inachedwa kutseguka, ndipo Ummi anapempherera chamumtima, mayi ake ataima kale kumbuyo kwake akupukuta manja pachitenje. Sikina anatulukira, akuphethira maso ake obiriwira.

AMwanahamisi anaweramira pafupi n'kuyang'anitsitsa.

"Paja unati umukonza maso?"

"Ndalephera, amayi. Awa anasankha yekha."

Mayiwo anakoka mpando n'kukhala.

"Musiye choncho," anatero. "Ali moyo sankandimvera, ndiye ayambe lero?"

Anamuonerera akuphika mpaka batire linatha, ndipo ngakhale galasi litada, sanadzuke msanga.