Mbali ya Kumanzere

Singano ya mita yoyezera mawu inaimanso pamene inaima poyamba. Mwana wamkazi wa malemu anasinthanitsa mawaya, nayeza kachitatu. Ampulifaya ya pabalaza inkatulutsa mawu ambiri kumanzere kuposa kumanja.

Maliro anali atatha, mipando yobwereka itabwezedwa. Loweruka kunkabwera amisiri anzawo a malemu kudzagawana zida, ndipo iye ankadziwa kuti amisiriwo sangachoke osayeza ampulifaya imene bambo ake anapanga ndi manja awo. Moyo wawo wonse bambowo ankakonza zokuzira mawu za anthu, ndipo sankalola chilichonse kutuluka m'shopu chisanayezedwe. "Khutu limakondera," ankatero. "Mita ilibe m'bale." Tsono anthu adzamve kuti ya m'nyumba mwawo inali yopendekeka?

Mchimwene wake wamkulu, woimba gitala, anatsamira chitseko.

"Mayi Mita, mwaipeza ndi mlandu?"

"Kumanzere kwaposa ndi madesibelo anayi. Ndiikonza asanabwere."

"Madesibelo amadyedwa? Iyi imaimba ngati munthu wakhala nawe pa mpando. Isiye."

"Inu achimwene, ngakhale wailesi ya m'basi mumati ikukoma."

"Bambo ankandinyoza choncho. Nawenso walowa ufumu?"

Mlongo wakeyo analumikiza chowotcherera mtovu ku magetsi kuti chitenthe, namasula chivundikiro. Ankayembekezera kupeza kachipangizo kopsa kapena waya wotha. M'malo mwake, ku mbali ya kumanzere anapeza kachipangizo kowonjezera, karezisita, miyendo yake yopindidwa mofanana, mtovu wake wosalala ndi wonyezimira. Dzanja limenelo ankalidziwa, ndi lomwe linamuphunzitsa iye. Apa munthu sanalakwitse. Anachita dala.

Mayi awo analowa ndi malaya a malemu atawapinda, nakhala pa mpando wawo wa nthawi zonse, moyang'anizana ndi masipika.

"Amayi, muuzeni mwana wanuyu asiye," anatero woimba gitala, ataima kumanzere kwawo.

Mayiwo anatembenuza mutu wonse, natchera khutu la kumanja. "Wati chiyani?"

Mwana wamkazi anayang'ana mayi ake, kenako karezisita kaja.

"Amayi, khutu la kumanzerelo linayamba liti kuvuta?"

"Chaka chimene unapita kukoleji. Ndinangoti oimba onse athawira mbali imodzi. Bambo ako anandikhazika pompano, n'kunditseka khutu ili, kenako ili, akuliza kamluzu ka makina awo kaja. Ine ndizikweza chala ndikamva. Masana onse, mpaka tiyi anazizira."

"Anakuyezani?"

"Ukuganiza akanakhulupirira pakamwa panga? Chaka chilichonse ankabwereza, mwezi wa Januwale."

Woimba gitala anaseka, misozi ili m'maso. "Nanga ine amene ndinkaitama ndi makutu awiri abwinobwino?"

"Loweruka ndiwauza amisiri aja ayeze," anatero mlongo wake. "Akamaliza, akhale pa mpando uwo ndi thonje kukhutu la kumanzere."

Anazula chowotcherera, nabwezera chivundikiro, namanga masikuluwu onse. Ataika nyimbo, mayi awo anapendeketsa mutu, nakwinya nkhope.

"Alendo aja anasuntha mpando wanga."

Ana awiriwo anawadzutsa, nanyamula mpandowo. Pansi, pa simenti, panali timadontho tinayi ta penti yoyera. Anaika mwendo uliwonse pa kadontho kake.

Mayiwo anakhalanso, malaya aja ali pamiyendo, naloza pakati penipeni pa masipika awiriwo, pomwe mawu a woimba nyimboyo ankamvekera.

"Uyo," anatero. "Wabwerera pamalo pake."